Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Chiphalaphala cha Mulanje chinachokera kuti?

Gawo lapitali ndinalekezera pomwe ndinabwerera kwathu ku Ndirande pa holide, nditamaliza chaka chachiwiri cha maphunziro a miyala ku Zomba. Ndalama panyumba inali yosowa, ndiye masana ndinkathandiza amalume kuswa kwale m'munsi mwa phiri, n'kumagulitsa pa wilibala kwa omanga nyumba. Usiku ndinkalimbana ndi lipoti la timiyala ta ku Mulanje ndi ku Malosa timene aphunzitsi anatipatsa.

Tsiku lina amalume anatola kamodzi, n'kukagogoda ndi hamala. "Mphwanga, uwutu si mwala wa kuno. Maso ake ndi ena." Ananena zoona. Miyala ya Ndirande, Soche ndi Michiru ndi yakale kwambiri, inaumbika zaka mamiliyoni mazanamazana Mulanje asanakhaleko.

M'kalasi tinayamba ndi granite, mwala wobadwa chiphalaphala chikazizirira pansi pa nthaka, wa kumene zigawo za dziko zimagundana, monga ku Andes ndi ku Himalaya. Kumeneko miyala imakankhidwira pansi ili ndi madzi, ndipo madziwo amaichititsa kusungunuka msanga. Nkhaniyo ndinaimva bwino. Chimene chinkandisowetsa tulo n'chakuti kuno kwathu, nthawi imene Mulanje ankabadwa, kunalibe kugundana kulikonse. Zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo dziko lalikulu la Gondwana linkang'ambika, Africa ikusiyana ndi South America, Antarctica ndi India. Nthaka inkakokeka n'kumachita ming'alu. Chiphalaphala chinakwera m'ming'alumo koma chambiri sichinatulukire kunja. Chinazizirira pansi pang'onopang'ono n'kusanduka granite ndi mbale wake syenite, amene ali ndi quartz (timiyala toonekera ngati galasi) wochepa. Mvula ndi mitsinje zinakokolola miyala yofewa imene inakuta pamwamba, wolimbayo n'kutsala chiimire. Sapitwa, wa mamita 3,002, ndi mwala umene kale unali wokwiririka. Zomba ndi Malosa anatsatira patapita zaka mamiliyoni angapo.

Mu 1979 akatswiri a miyala Loiselle ndi Wones anatcha granite wotereyu A-type. Amachokera ku chiphalaphala chosowa madzi, chotentha mpaka madigiri 900, chodzaza sodium, potassium ndi chitsulo, komanso fluorine, zirconium ndi niobium. Ngati munakwerapo ku Ku Chawe, munaonapo anyamata akugulitsa timiyala takuda tonyezimira, tatitali tosongoka. Ameneyo ndi aegirine wa ku Malosa, ndipo samera m'granite wamba.

Tsono funso la lipoti langa linali gwero lake. Akatswiri ena amati ndi miyala ya pansi penipeni pa chikhungwa cha dziko, imene inasungunukapo kale n'kutaya madzi ake, ndiye inasungunukanso moto wochokera pansi utaiwotcha. Maganizo amenewa amagwira bwino pa granite wina wa ku Australia. Ena amati zonse zimayambira ku mantle, kunsi kwa chikhungwacho. Kumeneko mumatuluka chiphalaphala chakuda cha basalt, chimene chikaima malo amodzi nthawi yaitali, timiyala tolemera timayamba kuuma n'kumira pansi ngati masese m'thobwa. Chotsala pamwamba chimanka chiyererayera, chikuchuluka silica (chimene chimapanga quartz) ndi sodium, mpaka kukhala syenite, kenako granite.

Ine ndinaima ndi a mantle, ndipo mpaka lero sindinasunthe. Chinandigwira mtima ndi miyala yoyandikana nayo. Ku Chikala, Chaone, Mongolowe ndi Chinduzi kuli nepheline syenite, mwala wosowa silica moti quartz mulibiretu. Pa chilumba cha Chilwa, ku Tundulu ndi ku Kangankunde kuli carbonatite, mwala wokhala ngati wa laimu koma wochokera ku chiphalaphala, amene katswiri wa miyala Frank Dixey ndi anzake analemba za iye mu 1937. Miyala imeneyi siingabadwe mwa kusungunula gneiss, mwala wathu wakale wa m'chikhungwa cha dziko, wodzaza quartz. Kwawo ndi ku mantle. Nanga zonsezi n'kukhala dera limodzi, nyengo imodzi, granite yekha n'kukhala wa mtundu wachilendo? Ndinavomera chinthu chimodzi: chiphalaphala chotentha choncho sichingadutse makilomita ambirimbiri a miyala osanyambitako. Ndimakhulupirira kuti quartz wa ku Zomba ndi Mulanje, gawo lina anabwera ndi miyala ya m'njira imene chinameza.

Nditabwerera kusukulu, aphunzitsi anawerenga lipotilo ine nditaima pambali. "Achimwene, mwaganiza bwino, koma umboni uli kuti?" Anandionetsa zimene katswiri wina, Nelson Eby, anapeza mu 1992. Iye anagawa A-type pawiri poyerekeza kuchuluka kwa zitsulo ziwiri za m'mwalamo, yttrium ndi niobium. Mukagawa yttrium ndi niobium n'kupeza nambala yochepera 1.2, mwalawo ndi wa gulu la A1, lofanana ndi chiphalaphala cha pa zilumba za m'nyanja zikuluzikulu, chochokera ku mantle. Ikapitirira pamenepo ndi A2, mmene dzanja la chikhungwa limaonekera kwambiri. Miyala ya chigawo cha Chilwa, chimene muli Zomba, Malosa ndi Mulanje, inagwera ku A1.

Tsiku lomwelo ndinapempha kuti kafukufuku wanga wa chaka chomaliza akhale wa ku Malosa, ndikatole ndekha miyala ndi kuipimitsa. Aphunzitsi anavomera, koma anandichenjeza kuti kupimitsa kumadya ndalama, ndipo miyalayo iyenera kutumizidwa kunja. Mmene ndalamayo inapezekera, ndi mmene amayi anailandirira nkhani yoti ndikagona kuphiri nyengo ya mvula, ndidzafotokoza m'gawo 10.