Mmene ndimasakira pomwe intaneti yadukira pakati pa laputopu ndi rauta

Laputopu ikakana intaneti pa rauta ya kunyumba, sindithamangira kusintha chilichonse. Ndimayamba ndatenga foni, kuzimitsa data ya pa simu khadi, kuilumikiza pa WiFi yomweyo, kenako n'kutsegula tsamba limene sindinalitsegule tsiku limenelo. Kuzimitsa data musakuiwale, chifukwa mafoni ambiri akaona kuti WiFi ilibe kanthu amabwerera okha ku data mwakachetechete, inu n'kumati rauta ili bwino pomwe sichoncho. Foni ikatsegula tsambalo, ndiye kuti vuto lili mu laputopu kapena pakati pa laputopu ndi rauta. Nayonso ikakana, laputopu ilibe mlandu, ndipo ndimaisiya kaye pambali.

Tinene kuti zonse ziwiri zakana. Ndimayang'ana timagetsi ta pa rauta. Ka WiFi kakhoza kuyaka bwinobwino pomwe ka intaneti kafiira kapena kazima, chifukwa WiFi ndi kanjira kochokera pa laputopu kukafika pa rauta basi, pomwe intaneti imayambira pa rauta kupita kunja. Pa rauta ya faiba, kagetsi kolembedwa LOS kakamathwanima mofiira ndiye kuti kuwala sikukufika mu waya, ndipo zimenezo amakonza ndi a kampani yanu. Pa rauta ya simu khadi ndimayamba ndaona ngati bandulo ilipobe. Zimamveka ngati zachibwana, koma laputopu ya Windows ikayamba kudzitsitsira ma update usiku imatha kudya bandulo ya mlungu wonse kusanache. Bandulo ikakhalapo, ndimazula chaja ya rauta pakhoma, kudikira masekondi 30, kuibwezera, n'kuipatsa mphindi ziwiri kapena zitatu kuti ipezenso netiweki. Ndimawerenganso zolembedwa pansi pa rauta n'kuziyerekeza ndi zolembedwa pa chajayo. Marauta ambiri amafuna 12V, ndipo mukawapatsa chaja yobwereka ya mphamvu yochepa, timagetsi timayaka ndithu koma rauta imadzizimitsa n'kudziyatsa yokha anthu akachuluka pa WiFi. Izi zimaonekaonekanso magetsi akamabwera ofooka.

Kumbuyo kwa rauta kuli kabowo kolembedwa Reset. Kameneko sindikakhudza panthawi imeneyi. Mukakabaya ndi kawaya kwa masekondi ngati 10, rauta imaiwala dzina la WiFi, pasiwedi, APN (dzina la njira imene simu khadi imalowera pa intaneti) ndi zonse zimene anaikamo okulumikizirani, ndipo mumakhala mwawonjezera vuto lachiwiri pamwamba pa loyamba.

Tsopano pa nkhani yeniyeni, pomwe foni ikutsegula koma laputopu ayi. Ndisanalowe mkati ndimadina Restart, osati Shut down. Pa Windows 10 ndi 11 pali chinthu chotchedwa Fast Startup chimene chimasunga mmene ma driver (timapulogalamu toyendetsa zipangizo za mu kompyuta) analili mukadina Shut down, moti kompyuta imadzuka ndi vuto lomwe inagona nalo. Restart ndiye imayambitsa zonse mwatsopano.

Chizindikiro cha WiFi chikasowa pakona ya kumanja pansi pa sikirini, ndimaona ngati Airplane mode siyinayatsidwe, ndiponso batani la pa kiyibodi lojambulidwa kandege kapena kamlongoti, limene limagwira ntchito limodzi ndi Fn. Malaputopu ena akale ali ndi kaswitchi m'mbali kamene kamasuntha kokha poilowetsa m'chikwama.

Nthawi zina laputopu imaona ma WiFi a anthu oyandikana nawo nyumba koma yanu ayi. Apa zifukwa zimene ndimakumana nazo kawirikawiri n'ziwiri. Rauta ikhoza kukhala ikuulutsa pa 5 GHz pokha, pomwe khadi ya WiFi ya m'laputopu yakale imamva 2.4 GHz basi. Kapena rauta yadzisankhira channel (kanjira koulutsirapo WiFi) 12 kapena 13, ndipo malaputopu ena opangidwira msika wa ku America, omwe amafika kuno atagwirako kale ntchito, amalekezera pa channel 11. Ndimalowa mu rauta kudzera pa foni, polemba adilesi yake mu browser. Adilesiyo imalembedwa pansi pa rauta: kawirikawiri ndi 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, ndipo marauta ambiri a Huawei a simu khadi amakhala pa 192.168.8.1. Ndikalowa ndimayatsa 2.4 GHz n'kuika channel pa 1, 6 kapena 11, chifukwa atatu amenewa ndiwo salowerana.

Ikamaona dzina koma n'kumalemba kuti Can't connect to this network, nthawi zambiri imakhala ikukakamira pasiwedi yakale imene inasunga. Ndimadina dzina la WiFiyo ndi batani la kumanja la mausi, kusankha Forget, n'kulemba pasiwedi mwatsopano, ndikuona zilembozo podina kadiso kali pambali. Malaputopu ogula kunja ena amabwera ndi kiyibodi yosanjidwa mosiyana, moti mukadina @ pamatuluka chizindikiro china inu osadziwa. Ikakanabe, ndimaona mtundu wa chitetezo mu rauta. Ikakhala pa WPA3 yokha, makhadi akale a WiFi saimva, choncho ndimaika WPA2 ya AES kapena yophatikiza WPA2 ndi WPA3. Ndimaonanso ngati wina sanatsekere laputopuyo pa MAC filter (mndandanda wa mu rauta wa zipangizo zololedwa kapena zoletsedwa), ndi chiwerengero cha zipangizo zolumikizidwa, pakuti timarauta ta m'thumba tili ndi malire ndipo akakwana, wobwera mochedwa amangokanidwa popanda kuuzidwa chifukwa.

Chimene chimasokoneza anthu kwambiri ndi pomwe laputopu yalumikizika koma ikulemba kuti No internet. Apa ndi pomwe ndimakhalitsa, ndipo chida changa ndi kawindo kakuda kolembamo malamulo, kotchedwa Command Prompt. Ndimalemba cmd pa Start, kusankha Run as administrator, kenako n'kulemba ipconfig. Pa zimene zatulukazo ndimafufuza gawo la Wireless LAN adapter Wi-Fi, n'kuwerenga mizere iwiri yokha: IPv4 Address, imene ndi adilesi ya laputopu, ndi Default Gateway, imene ndi adilesi ya rauta.

Chipangizo chilichonse chikalowa pa WiFi, rauta imachipatsa adilesi, monga 192.168.1.23. Ntchito yogawa maadilesiyi imatchedwa DHCP. Ndikaona adilesi yoyamba ndi 169.254, ndimadziwa kuti laputopu inapempha adilesi, siyinayankhidwe, ndiye yangodzipatsa yokha, ndipo adilesi yotereyi sipita kulikonse. Default Gateway imakhalanso yopanda kanthu. Ndimalemba ipconfig /release, kenako ipconfig /renew. Zikakanika ndimazimitsa n'kuyatsa rauta, ndipo zikapitirirabe ndimalowa mu rauta kukaona ngati DHCP ili yoyaka.

Adilesi ina imaoneka yabwinobwino koma siigwirizana ndi ya rauta. Mwachitsanzo rauta ili pa 192.168.8.1 koma laputopu ikusonyeza 10.0.5.40. Izi zimachitika kwambiri ndi malaputopu a kuntchito kapena kusukulu, kumene wina anaikamo adilesi pamanja. Ndimadina batani la Windows pamodzi ndi R, kulemba ncpa.cpl, kudina Wi-Fi ndi batani la kumanja, kusankha Properties, kenako Internet Protocol Version 4, n'kubwezera pa Obtain an IP address automatically. Manambala amene analimowo ndimayamba ndawajambula ndi foni, chifukwa mwini wake adzawafuna akabwerera kuntchito.

Adilesi ikakhala yolondola ndimachita ma ping atatu motsatizana mu kawindo kakuda kaja (ping ndi lamulo loyesa ngati adilesi ikuyankha), ndipo ndi amene amandiuza pomwe padukira. Woyamba ndi wopita ku rauta: ping, kenako adilesi ya Default Gateway ija. Kompyuta imatumiza timauthenga tinayi. Mayankho akabwera onse, olembedwa Reply from ndi nthawi ya ma millisecond ochepa, ndiye kuti msewu wa pakati pa laputopu ndi rauta uli bwino. Mukaona Request timed out, kapena nthawi ikudumphadumpha kuchoka pa 3 kufika pa mazana angapo muli chipinda chimodzi ndi rauta, vuto ndi la WiFi yeniyeniyo, ndipo kusintha zina n'kungotaya nthawi.

Wachiwiri ndi ping 8.8.8.8, imene ndi seva ya Google. Uwu umadutsa pa rauta n'kutuluka kunja. Woyamba ukayankha koma uwu ayi, pomwe foni ikutsegula bwinobwino, ndimakayikira VPN (pulogalamu yodutsitsa intaneti yanu m'njira yotetezedwa) imene yaduka koma ikutsekerabe njira, antivayirasi yokhala ndi firewall (mlonda wa zolowa ndi zotuluka pa netiweki) yakeyake, kapena lamulo la mu rauta loletsa laputopu imeneyo pa maola ena.

Wachitatu ndi ping google.com. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano mwapereka dzina m'malo mwa nambala. Wachiwiri ukayankha koma uwu n'kunena kuti could not find host, intaneti ilipo koma chimene chimasandutsa mayina kukhala manambala, DNS, sichikugwira ntchito. Ndimayamba ndi ipconfig /flushdns. Zikapanda kusintha ndimabwerera pa ncpa.cpl paja, kusankha Use the following DNS server addresses, n'kulemba 8.8.8.8 pamwamba ndi 1.1.1.1 ya Cloudflare pansi pake. Mbali ya IP address ndimaisiya mmene ilili.

Ma ping onse atatu akayankha koma masamba osatsegukabe, netiweki ilibe vuto. Ndimayang'ana wotchi ya laputopu. Masamba a https amadalira ziphaso zokhala ndi masiku oyambira ndi othera, choncho kompyuta ikamaganiza kuti tili m'chaka china chakale, browser imakana n'kulemba kuti Your clock is behind kapena Your connection is not private. Ndimakonza tsiku ndi nthawi, ndipo ku Malawi ndi ku Zambia time zone yoyenera pa Windows ndi ya UTC+02:00, yolembedwa Harare, Pretoria. Wotchi ikamabwerera m'mbuyo nthawi iliyonse batire yaikulu ikatha, kabatire kakang'ono ka mkati kafa, ndipo m'malaputopu ambiri ndi kofanana ndi ndalama yachitsulo, ka mtundu wa CR2032 kapena kocheperapo. Wotchi ikakhala bwino ndimapita pa Settings, Network & Internet, Proxy, n'kuzimitsa Use a proxy server (proxy ndi kompyuta ina imene browser imadutsirapo popita pa intaneti). Mapulogalamu ena a intaneti yaulere amene anthu amatumizirana amasiya proxy yoyaka ngakhale mutawachotsa.

Zonsezi zikalephera ndi pomwe ndimalemba mu kawindo kakuda kaja netsh winsock reset, kenako netsh int ip reset, n'kudina Restart. Palinso Network reset mu Settings, imene imachotsa n'kuikanso makhadi onse a netiweki. Imagwira ntchito, koma imafufuta mapasiwedi a ma WiFi onse amene munasunga ndipo VPN ya kuntchito ingafunike kuikidwanso, n'chifukwa chake ndimaisungira kumapeto.

Vuto lina ndi lomwe intaneti imabwera n'kumadukaduka. Ndimalemba netsh wlan show interfaces n'kuona mzere wa Signal ndili pomwe mwini laputopu amakhala masiku onse. Ikatsika pansi pa 50%, ine ndimayamba ndasuntha rauta ndisanakhudze china. Khoma la njerwa zowotcha limadya mphamvu ya WiFi, makamaka ya 5 GHz imene imathamanga koma siipita patali. Rauta yoikidwa pansi kuseri kwa TV, mu kabati, pafupi ndi firiji kapena ndi mayikulowevu imavutika. Ndimaikweza pamalo oonekera chapakati pa nyumba, ndipo ikakhala ya simu khadi ndimafuna malo oyandikira windo kuti imvenso bwino netiweki ya kunja. Osaiika pomwe pamawomba dzuwa kapena pafupi ndi malata, chifukwa ikatentha m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala imayamba kudula.

Signal ikakhala yamphamvu koma kudukako kukuchitika laputopu ikadzuka kutulo kapena ikachotsedwa pa chaja, ndimatsegula Device Manager, Network adapters, n'kudina kawiri khadi ya WiFi, imene dzina lake limakhala ndi Intel, Realtek, Qualcomm kapena MediaTek. Pakakhala tsamba la Power Management ndimachotsa chizindikiro pa Allow the computer to turn off this device to save power. Pomwepo ndimaonanso ngati pali kachizindikiro kachikasu ndi Code 10 kapena Code 43, zosonyeza kuti khadiyo kapena driver yake ili ndi vuto. Vuto likakhala kuti linayamba pambuyo pa update, Roll Back Driver imabwezera driver yakale. Apo ayi ndimadina Uninstall device, osachonga kabokosi kofufuta driver, n'kuchita Restart kuti Windows iikenso yokha. Mukachonga kabokosiko mulibe njira ina yopezera intaneti, mukhoza kutsala opanda WiFi n'komwe. Driver yatsopano ndimaitenga pa tsamba la kampani imene inapanga laputopuyo, nditalumikiza ndi waya wa Ethernet ku rauta kapena ndi USB tethering ya pa foni (kugawira laputopu intaneti ya foni kudzera pa waya wa USB).

Waya wa Ethernet womwewo ndi mboni yabwino. Intaneti ikamayenda bwino pa waya koma WiFi n'kumagwira pokhapokha laputopu itayandikira rauta ngati mita imodzi kapena iwiri, pomwe foni ikumva mpaka panja, ndimakayikira ma antenna. Ndi timawaya tiwiri towonda, kawirikawiri kakuda ndi koyera, tochokera pa khadi ya WiFi, kudutsa mu hinji, kukathera m'mphepete mwa sikirini. Timaduka hinji ikathyoka, kapena amaiwala kutibwezera posintha sikirini kapena potsuka fani. Mukatsegula pansi pa laputopu, mutazimitsa ndi kuchotsa batire, mudzationa tatsekedwa pa khadiyo ndi timabatani tating'ono ta golide. Komasuka kamabwezeredwa pokakanikiza molunjika ndi chala mpaka kumveka kuti kalowa, osati ndi sikuludilaiva, chifukwa malo ake amathyoka msanga. Kawaya kakakhala kuti kadukira mkati mwa hinji, kapena khadiyo inawotcheredwa pa bolodi moti siichoka, kachipangizo ka WiFi kolowetsa pa USB kamathetsa nkhaniyo. Ndikakalowetsa ndimazimitsa khadi yakaleyo mu Device Manager podina Disable device, kuti laputopu isamabwererenso kwa iyo.