Loweruka ku tchalitchi cha St Isaac

Lero kunacha kozizira zedi kuno ku St Petersburg, koma tinali titapangana kale ndi mnzanga wa m'kalasi kuti tikaone tchalitchi cha St Isaac, ndiye tinangovala majekete n'kunyamuka.

Tisanalowe n'komwe, ndinaima kaye pa nsanamira za pakhonde. Zilipo 48, ndipo iliyonse ndi mwala umodzi wofiira, wotalika mamita 17, wolemera matani 114. Ndinakhudza imodzi ndi chikhatho: yosalala ngati galasi, kuzizira kwake kofika m'mafupa. Miyalayi ankaisema ku Finland n'kubwera nayo pamadzi, ndipo anaiimika makoma asanamangidwe, ndi zingwe, mitengo ndi mphamvu za anthu.

Mwini pulani ndi Auguste de Montferrand, wa ku France, wobadwa mu 1786, yemwe anakhalapo msilikali wa Napoleon. Mu 1814 anaonetsa Mfumu Alexander I ya ku Russia zojambula zake ku Paris, ndipo mu 1816 anafika kuno n'kukhala katswiri wa zomangamanga wa mfumu. Tchalitchichi anachiyamba mu 1818 n'kuchimaliza mu 1858. Zaka 40 pantchito imodzi! Mkati mwa zaka zomwezo anaimikanso Alexander Column kutsogolo kwa nyumba yachifumu ya Winter Palace mu 1832, chimwala cha matani pafupifupi 600 chomwe chimangoima ndi kulemera kwake.

Montferrand anamwalira patangotha mwezi umodzi tchalitchi chitadalitsidwa. Anali atapempha kuti adzaikidwe momwemo, koma Mfumu Alexander II anakana, popeza mwiniwakeyo anali Mkatolika pomwe tchalitchicho ndi cha mpingo wa Orthodox, ndipo mkazi wake ananyamula maliro kupita nawo ku Paris. Zinandimvetsa chisoni. Komabe iye nkhope yake ilipo: kukhomo lakumadzulo, pamwamba, anamuumba atanyamula kachitsanzo ka tchalitchicho m'manja.

Amene andisowetsa mtendere ndi antchito. Denga lozungulira lija, lomwe limanyezimira ngakhale kuli mitambo, analikuta ndi golide wosakaniza ndi mercury (chitsulo chamadzimadzi chapoizoni) n'kumawotcha pamoto, ndipo utsi wake unapha anthu ambiri. Ambiri mwa omanga anali alimi osauka okhala pansi pa eni minda, osakhala paufulu. Ndazungulira monse osaonapo nkhope ya mmodzi wa iwo.

Pobwerera tinadutsira kukagula buledi ndi mkaka. Miyendo ikuwawa chifukwa cha masitepe okwera kudenga, ndipo Lolemba kuli mayeso oti ndiwerengere usiku uno.