Tinakumana ku famu ya malume popanda maliro

Banja lathu linafika pozolowera kukumana pa maliro basi. Agogo aamuna atamwalira tinaonana, azakhali atatisiya tinaonananso, ndipo potsanzikana aliyense ankati "tidzakumane bwinobwino," kenako zii mpaka uthenga wina wa zovuta. Chaka chino malume zinawakwana. Anatumiza mawu pa gulu lathu la WhatsApp: "Ana inu, mukudikira kuti ndife kaye ndiye mubwere kudzadya mbuzi yanga? Bwerani ndikadali ndi mano, tidyere limodzi." Palibe amene anapeza pothawira.

Tinasankha Ogasiti, sukulu zitatsekera. Ife tinanyamuka ku Lilongwe m'mawa ndi ana athu awiri, wamwamuna wa zaka 6 ndi wamkazi wa zaka 3. Achimwene anachokera ku Blantyre, achemwali anakwera basi kuchokera ku Mzuzu ndi khanda kumbuyo, ndipo msuweni wathu wa ku Johannesburg anafika ndi ana omwe Chichewa chawo chimathera pa "zikomo."

Kuchoka ku Lilongwe kufika ku Dedza ndi makilomita pafupifupi 85. Ndinali nditakonza zoti tikhotere ku Chongoni ana akaone zojambula za m'mapanga, zija UNESCO inaziika pa mndandanda wa malo osungidwa a dziko lonse lapansi mu 2006. Koma wamng'ono anayamba kusanza tisanafike n'komwe pa Linthipe, ndiye Chongoni tinangoiloza ndi chala. Phiri la Dedza, lija lotalika mamita 2,198, linali litafunda mtambo, ndipo nditangotsitsa galasi ndinadziwa kuti majuzi omwe ndalongedza ndi masewera.

Pa Lizulu sungadutse osaima. Kabichi wamkulu ngati mutu wa munthu, mbatatesi m'zidebe, tomato, anyezi, karoti, ndi amayi akuthamangira galimoto iliyonse yomwe yaonetsa ngati ikuima. Ndinauza mnyamata wanga kuti cha kuno msewu wa M1 ukuyenda m'malire, mbali inayo ndi Mozambique. Anandiumiriza kuti timuwolotse. Tinawoloka, anaima pa fumbi n'kuyang'ana uku ndi uku, kenako anati, "Ndiye ku Mozambique n'chimodzimodzi?" Anakhumudwa kwenikweni.

Kuchoka pa tala, tinayenda ka msewu ka fumbi kutsatira ngolo ya nkhuni yomwe mwini wake analibe nazo ntchito zoti kumbuyo kuli galimoto. Famu ya malume musaiganizire ngati za pa TV. Ndi khola la mitengo la ng'ombe zoposa makumi awiri, mbuzi, nkhunda, dimba kumunsi kwa mtsinje, ndi nyumba ya njerwa ya zipinda zitatu. Ife tinalipo 26. Amayi ndi ana tinadzazana m'nyumba pa mphasa ndi matiresi, abambo anakagona m'shedi mosungira chimanga ndi feteleza. M'mawa onse ankanunkha ngati matumba.

Madzulo oyamba ndinachita manyazi, ndisaname. Ana a m'tauni anaunjikana pakona kulimbirana foni imodzi, ana a pakhomopo ataima patali akungowayang'ana. Mnyamata wanga anapereka moni kwa agogo aakazi ali chiimire, dzanja limodzi m'thumba. Agogo anamugwira dzanja osalisiya, n'kunditembenukira: "Kodi mawondo a mwanayu munawaiwala ku Lilongwe?" Anthu anaseka, ine ndinangoti "pepani agogo" ndikufuna nthaka itang'ambika.

Zinthu zinasinthira ku khola. Kusanache bwino, malume anagogoda pa windo: "Amene akufuna tiyi wamkaka adzuke akaone kumene umachokera." Tinatuluka titafunda zitenje ndi mabulangete, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi. Mnyamata woweta anamanga miyendo yakumbuyo ya ng'ombe ndi chingwe, n'kumasula thole kuti liyamwe kaye. Malume anafotokozera ana kuti ng'ombe zachikudazi, zija za linunda, sizitsitsa mkaka ngati mwana wake sanayambe wayamwa. Thole litagunda bere ndi mutu kangapo, analikokera pambali likukana, ndipo mnyamata uja anakhala chonjuta, kachidebe pakati pa mawondo, n'kuyamba kukama. Tsii, tsii, tsii, thovu likukwera pang'onopang'ono. Kamtsikana kanga kanandigwira chitenje mwamphamvu, kenako kanafunsa mokweza, "Amama, nanga wa m'paketi uja amauika bwanji m'mimba mwa ng'ombe?"

Mkakawo sunali wambiri, ndipo achimwene, omwe chilichonse amachiwerengera phindu, anayamba kulangiza malume kuti agulitse zonsezi agule za mkaka zinayi zokha. Malume anangoloza nkhupakupa yomwe inali kukhutu kwa thole. "Zanu za chizunguzo zikalumidwa ndi aka kamodzi, mawa mukukumba dzenje. Izi ndakhala nazo kuyambira inu mukuyenda osavala." Nkhani inathera pomwepo. Mkaka tinauwiritsa kaye tisanapatse ana, wina agogo anausunga kuti ukhale chambiko.

Kuchokera apo ana sitinawaonenso. A Chingerezi ndi a Chichewa anatsatana kupita kubusa, ndipo mmene ankamvanirana sindikudziwa. Anabwera masana ali mbuu, zovala zili chisoso chokhachokha, atanyamula ng'ombe zadothi zomwe asuweni awo anawaphunzitsa kuumba, nyanga zake za timitengo. Wa ku Johannesburg anali ataphunzira mawu awiri atsopano: "choka" ndi "ndowe."

Vuto linabwera tsiku lachiwiri. Mnyamata wanga anaona timakoko taubweya tikulendewera pa chitsamba kumtsinje, n'kutithyola kuti akandionetse. Chitedze. Kukuwa kwake tinakumva tili kukhitchini. Anafika akudzikanda manja, khosi, mimba, akudumpha ngati waponda moto. Ine mutu unaima, ndinkafufuza mafuta m'chikwama. Agogo, omwewo a mawondo aja, anandikankhira pambali, anamuvula malaya, anamupaka matope manja onse ndi khosi, n'kumukhazika pamiyendo pawo akumuuzira mpweya. Matope atauma anamusambitsa. Anagona pomwepo, mutu uli pachifuwa chawo. Atadzuka sanachokenso pambali pawo, ndipo ndinamuona akulandira mbatata yootcha ndi manja awiri popanda womuuza.

Mbuzi inaphedwa Loweruka. Amuna anaphika uwende, magazi a mbuziyo, ndi zam'kati kuseri kwa khola, ife tinatakasa nsima m'miphika itatu. Usiku, moto utayaka, malume analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chishango ndi chibonga. Ankakonzekera Umhlangano, mwambo wa Angoni a Maseko womwe umachitika kwa Nkolimbo ku Ntcheu mu Seputembala, ndiye anati ayesere pa ife. Anayamba ndi nkhani ya Inkosi Gomani Chikuse, yemwe azungu anamupha mu 1896, kenako anamenya phazi pansi. Ngoma ndi gule wa mapazi, ndipo munthu wa zaka zoposa 70 akaponda fumbi n'kubuka, umaiwala zoti masana amadandaula msana. Ana onse anandanda kumbuyo kwawo ndi zisononkho m'malo mwa zibonga. Wanga wa zaka 3 ankaponda mochedwa nthawi zonse, koma nkhope ili gwa ngati wankhondo.

Sikuti zonse zinali kuseka. Lamlungu m'mawa panali nkhani ya malata a nyumba ya agogo omwe akudontha, ndipo pa ndalama abale amasintha nkhope. Ena anati takhala tikupereka tokha, ena anati ife sitiuzidwa. Mlamu wanga ananyamuka kukaima kukhola kwa kanthawi. Tinagwirizana kuti aliyense atumize gawo lake mvula isanayambe. Mpaka lero atumiza ndi atatu, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Ponyamuka, malume anadzaza buti ndi kabichi, thumba la mbatatesi ndi nkhuku yamoyo yomangidwa miyendo. Kamtsikana kanga kanakana kukwera galimoto mpaka titatenga thole. Malume anagwada n'kukauza kuti tholelo ndi lake ndithu, koma likhale kaye ndi amayi ake mpaka adzabwerenso. Kanavomera monyinyirika. Titadutsa pa Dedza, ana onse awiri anali m'tulo, ndipo m'galimoto munkamveka fungo lomwe bambo awo analifufuza mpaka pa Nathenje. Linali ndowe, pansi pa nsapato yanga.