Zikomo kwa onse amene munaimika sewero langa pa siteji

Loweruka lapitali ndinakhala pampando wakumbuyo kwenikweni m'holo, manja akunjenjemera, ndikumvetsera anthu awiri akulankhula mawu amene ndinawalemba ndili pambali pa bedi la bambo anga. Sewero langa lakhala lachiwiri pa mpikisano wolemba masewero ofunsa mafunso ozama a moyo, ndipo usiku umenewo linawerengedwa pagulu koyamba. Masiku onsewa ndakhala ndikufuna kuthokoza koma mawu amandithawa. Lero ndati ndiyese.

Bambo anayamba kuiwala zaka zinayi zapitazo. Poyamba anali makiyi, kenako mayina a adzukulu, mapeto ake dzina langa. Pali chinthu chimene anandilakwira ndili kamtsikana, chomwe sindichitchula pano, ndipo kwa zaka zambiri ndinkadikira tsiku loti adzanene kuti pepa. Matendawa atakula ndinazindikira kuti tsikulo silidzafika. Funso linandigwira pakhosi: munthu amene sakukumbukira chimene analakwa angapepese? Nanga ine ndikakhululuka, ndikukhululukira ndani, bambo aja kapena nkhalamba yofatsa imene ikundimwetulira ngati mlendo?

Woyamba kumuthokoza ndi mnzanga wa kalekale amene amaphunzitsa filosofi. Iwe, unandimvetsera ndikulira pafoni pakati pa usiku ndipo sunandiuze kuti ndingopirira. Unandiuza kuti funso langali anthu akhala akulimbana nalo kwa zaka mazanamazana. Unandiwerengetsa John Locke, katswiri wa filosofi wa ku England, amene m'chaka cha 1694 analemba kuti chimene chimachititsa munthu kukhala yemweyo ndi kuzindikira kwake kofika ku zimene anachita kale, moti kulanga munthu pa zimene sakuzidziwa n'komwe kuli ngati kulanga mwana wamapasa chifukwa cha zochita za m'bale wake. Ndinakwiya nazo, chifukwa zinkatanthauza kuti mlandu wanga ulibenso mwini. Kenako unandipatsa yankho la katswiri wina wa filosofi, Thomas Reid, la mu 1785: mnyamata anakwapulidwa chifukwa choba zipatso, atakula anakhala msilikali wolimba mtima ndipo ankakumbukira kukwapulidwako, atakalamba ankakumbukira za usilikali wake koma za zipatso zija anaiwala. Kodi nkhalambayo si mnyamata yemwe uja? Pakati pa anthu awiriwa m'pamene sewero langa linabadwira.

Kwa inu okonza mpikisano, sindikudziwa ngati mukuzindikira zimene munachita ndi chiganizo chimodzi cha m'chilengezo chanu, chonena kuti sewero silikukakamizidwa kupereka yankho. Ndinali nditauzidwapo kwina kuti sewero labwino liyenera kuthera pa phunziro, oonera azituluka akudziwa wolakwa ndi wolungama. Langali lilibe zimenezo, ndipo ndinali nditaliika m'kabati. Munachotsanso mayina athu pa mapepala asanafike kwa oweruza, choncho ine wosadziwika ndinayesedwa ndi muyezo umodzi ndi akatswiri. Zikomo kwambiri.

Oweruza, ndemanga yanu inandipweteka tsiku loyamba, lachiwiri ndinaona kuti munanena zoona. Munati mwana wamkazi wa m'seweroli akulankhula ngati ali m'kalasi, ndipo masamba atatu athunthu ndi Locke wovala diresi. Ndinawadula onse atatu. Munandiphunzitsa kuti pa siteji ganizo silikhala m'kamwa mokha, liyenera kuoneka pa zimene munthu akufuna kwa mnzake ndi zimene akulephera kupeza.

Apa ndiye pali mayi amene anatsogolera seweroli, ndipo pa iwo ndichedwapo pang'ono. Tsiku loyamba lokonzekera anandifunsa kuti, "Pamene awiriwa akulankhula, manja awo akuchita chiyani?" Ndinalibe yankho. Anandifunsanso zimene ine ndimachita ndikapita kwa bambo, ndipo ndinati ndimawameta ndevu, chifukwa manja awo sagwiranso bwino lezala. Anangoti, "Ndiye sewero lake ndi limenelo." Tsopano zonse zikuchitika mwana atagwira lezala pakhosi pa bambo ake, akuwameta mosamala, kwinaku akuwakumbutsa zimene anamuchita. Palibe amene akutchula mawu oti chilango kapena chifundo, koma aliyense m'holo muja ankayang'ana dzanja lija. Mayi, munaona zimene ine mwini wake sindinazione m'moyo wanga womwe. Mulungu akudalitseni.

Achimwene amene munasewera ngati bambo, mathero a seweroli ndi anu. Ine ndinalemba kuti nkhalambayo ikhale chete mpaka magetsi azime. Inu munapempha kuti tiyese njira ina: nkhalambayo ione misozi ya mwana, imugwire dzanja, n'kunena kuti pepa, isakudziwa chimene ikupepesera. Titayesa, tonse tinakhala duu. Mpaka lero sindikudziwa ngati pepa ameneyo ndi wokwanira, ndipo oonera anatuluka akutsutsana za zomwezo pakhomo. Achemwali amene munasewera ngati mwana, munanyamula mkwiyo wanga kwa milungu isanu popanda kuusandutsa chiwawa. Ndinakuonani mukupukuta maso kuseri kwa katani.

Ena mwandilembera kuti ndikanayenera kukhala woyamba. Ndikuthokoza chifukwa cha chikondi chanu, koma sewero limene lapambana ndinalimvera ndipo ndi lamphamvu zedi. Mlembi wake ndamuyamikira pamaso. Mipikisano yotere ndi yakale ngati zisudzo zenizenizo. Kalekale ku Athens m'dziko la Greece, pa chikondwerero cha mulungu wawo Dionysus, alembi atatu a masewero achisoni ankapikisana chaka ndi chaka pamaso pa oweruza osankhidwa mwa maere. M'chaka cha 431 BC mlembi Euripides anabwera ndi sewero lake lotchedwa Medea n'kukhala wachitatu, kumbuyo kwa alembi anzake Euphorion ndi Sophocles, koma seweroli likuchitidwabe mpaka pano. Chimene mpikisano umapatsa mlembi ndi tsiku lomalizira ntchito, anthu owerenga mosakondera, ndi siteji. Zitatu zonsezi ine ndalandira.

Amuna anga, munkagoneka ana nokha miyezi yonse ija ndikulemba, ndipo tsiku limene ndinafuna kufufuta zonse munanditsekera kompyuta n'kundiuza kuti ndikagone kaye. Mlongo wanga, unandilola kuika nkhani ya m'banja mwathu pagulu ngakhale kuti nawenso inakupweteka. Amayi, munakhala kutsogolo, munaonera mpaka kumapeto, ndipo potuluka munangondikumbatira osanena kanthu. Ndinamva.

Bambo sanabwere, phokoso ndi anthu ambiri zimawasokoneza. Lamlungu ndinapita kukawameta monga mwa masiku onse, ndipo nditamaliza ndinawawerengera tsamba lomaliza. Anamvetsera mpaka pothera, kenako anandifunsa kuti walemba ndani. Ndinati ndine. Anati, "Mwalemba bwino, mayi." Ndinawapukuta sopo amene anatsalira kukhutu, n'kuwathokoza.