Tsiku limene azakhali anaponda pachilumba

Loweruka usiku, kunyumba ku Dedza. Mchenga udakali m'nsapato, koma ndilembe kaye tulo tisananditenge.

Tinanyamuka pa boma mbandakucha, anthu khumi ndi awiri a banki mkhonde yathu, aliyense ali mu juzi ndi chipewa. Pa Masasa tinakhotera ku Khwekhwerere. Seputembala uno mitengo ya m'phirimo yayamba kuphuka masamba ofiirira, udzu wonse wapsa ndi lupsa. Pofika pa Golomoti majuzi onse anali atalowa m'zikwama, ndipo azakhali anga anali atayamba kale kudzikupiza ndi chitenje.

Ku Cape Maclear, pamudzi wa Chembe, tinafika dzuwa litakwera. Chilumba cha Thumbi chimaoneka pafupi ngati ungachiponyere mwala. Mnyamata wa boti anati tabwera nthawi yabwino, chifukwa mphepo ya mwera ya Juni ndi Julaye yaleka, mvula sinayambe kugwetsera matope m'nyanja, ndiye madzi ali mbee. Azakhali sizinawakhudze zimenezo.

"Iwe, ine ndinabadwira ku Bembeke. Madzi amene ndimawadziwa ndi a m'ndowa."

"Azakhali, ndalama mwalipira kale. Mukatsala sabweza."

Mawu a ndalamawo ndi amene anawakweza. Anavala jekete yoyandamitsa ija mozondotsa, nagwira mkono wanga mwamphamvu moti zikhadabo zawo zikuonekabe mpaka pano.

Pachilumbapo palibe mudzi, ndi miyala ikuluikulu ndi mitengo basi. Malowa ali m'paki ya Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. N'chifukwa chake kuwedza pafupi ndi miyalayo n'koletsedwa, ndiye nsomba zake sizidziwa mantha. Ndinavala galasi la m'madzi n'kuviika nkhope. Mbuna, nsomba zing'onozing'ono za m'miyala! Zabuluu, zachikasu, zamizeremizere, zikudomola ndere pamiyala ngati mbuzi pa msipu. Ina inali ndi masaya otupa, ndipo mnyamata uja anati ndi yaikazi, imasunga mazira ndi ana ake m'kamwa mpaka atakhwima. Ndinamwa madzi kawiri chifukwa chofuna kulankhula mutu uli pansi.

Nditadzutsa mutu ndinapeza azakhali akhala pamwala, miyendo ili m'madzi, tinsomba tikuwatsina zala. Amakuwa, koma miyendo osaichotsa.

Pobwerera mnyamatayo anaimba likhweru n'kuponya kansomba pamadzi. Nkhwazi inachoka pamtengo, inatsika mapiko ali tambalale, n'kukatola ndi zikhadabo osanyowa ngakhale pamimba. Mbalame imeneyi ndimangoiona pa chizindikiro cha dziko lathu. Sindinkadziwa kuti ikamalira imaponya mutu kumbuyo.

Chimene chinandinyansa n'chakuti nkhomaliro imene tinaitanitsa m'mawa inafika dzuwa litapendeka, nsima itauma pamwamba. Kampango yekha ndiye anatipepesa. Thumba la mbatatesi limene tinatenga kwathu tinasinthanitsa ndi usipa wouma kwa amayi ena a pagombe, ndipo aliyense anaona ngati wapusitsa mnzake.

Tinakwera Khwekhwerere kuli mdima, minibasi yonse ikununkha usipa. Pa Masasa majuzi anatulukanso. Azakhali, amene ndimayesa agona, anandigwedeza phewa.

"Chilumba china chija amati Domwe, boti lake ndi ndalama zingati?"