Miksi yanga inagwa pa mpikisano, ndipo ndapeza pamene inagwera

Mwezi wathawu ndinalowa nawo mpikisano wa kumiksa nyimbo wa pa intaneti. Tonse tinapatsidwa zojambula zofanana: ng'oma payokha, besi payokha, magitala awiri ndi mawu a woimba, kuti aliyense asakanize m'mene akuonera. Ndinachezera usiku masiku 6, chifukwa masana kwathu kumasokosa chigayo. Zotsatira zitatuluka, dzina langa silinaoneke ngakhale pa anthu 10 oyambirira.

Ndinadzitonthoza msanga kuti oweruzawo luso salidziwa, amangofuna za malonda. Miksi yopambanayo inali yokwera, yowala, woimba ali patsogolo ngati akukunong'oneza m'khutu. Yanga ndinaisiyira mpata wopumira, gitala ndinamuthira reverb (kulira kotsalira ngati kwa m'chipinda chachikulu) yambiri, ndipo m'mahedifoni anga inkamveka ngati mu tchalitchi chachikulu. Nditadandaula kwa mkulu wina amene amandiphunzitsa ntchitoyi, anangondifunsa kuti, "Achimwene, mwayamba mwalinganiza voliyumu ya ziwirizo?"

Ndinali ndisanatero. Khutu la munthu lili ndi kabodza kake. Harvey Fletcher ndi Wilden Munson anaonetsa mu 1933 kuti voliyumu ikakhala yotsika, khutu silimva bwino mawu a pansi kwambiri ndi a pamwamba kwambiri; ukangokweza pang'ono, besi imadzaza, zitsulo za ng'oma zimawala, ndipo umaganiza kuti nyimboyo yakoma. Ndiye taganizirani woweruza amene akumvera mamiksi ambirimbiri motsatizana. Yokwerayo imamukoka asanaganize n'komwe. Ndi mtima womwewu umene unachititsa makampani a nyimbo kumapikisana pofinya nyimbo ndi limiter, chida chophwanya nsonga za mawu kuti nyimbo yonse ikwezedwe, mpaka mu 2008 okonda gulu la Metallica anadandaula kuti chimbale cha Death Magnetic chikung'aluka, ndipo ambiri anakonda nyimbo zomwezo m'mene zinkamvekera mu gemu ya Guitar Hero, momwe sizinafinyidwe choncho.

Masiku ano Spotify, pulogalamu yomverera nyimbo pa intaneti, imatsitsa nyimbo zokwera kwambiri kuti zikhale pafupi ndi -14 LUFS (muyeso wa kukwera kwa mawu), motero wofinya nyimboyo sapindula kanthu kumeneko. Koma kuno kwathu nyimbo zambiri zimayenda pa WhatsApp, pa memori khadi ndi pa fulashi ya mu minibasi, ndipo kumeneko palibe wolinganiza. Ikatsika yako, yamwalira pakati pa zinzake. Choncho sindinganene kuti kukweza ndi umbuli.

Nditalinganiza ziwirizo, kuwala kwina kwa yopambanayo kunazilala, ndipo ng'oma zanga zinkamenya bwino kuposa zake. Mtima unakhala m'malo kwa mphindi zochepa chabe, mpaka pamene ndinaziseweretsa pa sipika ya foni. Besi yanga inasoweratu. Pa kolasi, magitala anameza woimba moti mawu samamveka kuti akuti chiyani, ndipo gitala amene ndinamutambasula mbali zonse ziwiri uja anaonda atalowa mu sipika imodzi. Ya mnzangayo inaima chilili. Besi yake anaithira saturation pang'ono, ndiko kuikhakhalitsa mawu mwadala, kuti ibale mawu ena a pamwamba amene kasipika kakang'ono kamatha kutulutsa, khutu n'kumadzaza lokha zotsalazo. Limeneli ndi luso lenileni, ndipo ine ndinalitcha malonda chifukwa choti ndinalibe.

Ndamvetsanso chifukwa chake masitudiyo akuluakulu anakakamira masipika a Yamaha NS-10, aja oyera pakati, amene anatuluka mu 1978 ngati masipika a m'nyumba wamba. Sakometsa nyimbo, amakuonetsa msanga ngati woimba wabisika. Ine ndinamiksa nyimbo yonse m'mahedifoni amodzi okha amene amandinyengerera, n'kumati kukoma kumene ndikumva ndi kwa miksiyo.

Pali chimodzi chimene sindikugonja. Yopambanayo inadula msanga kulira kwa gitala kumapeto, mwina pofuna kuti nyimbo ithe mwaukhondo ngati za pa wailesi. Kwa ine nyimbo ija ndi ya munthu wosiyidwa, ndipo kulira kuja ndiye chisoni chakecho.

Panopa ndikuibwereza. Woimba ndamukweza pang'ono, ndi madesibelo awiri (2 dB), reverb ya pa kolasi ndaichepetsa, koma mchira wa gitala ndausiya m'mene unalili. Mawa ndiitumiza kwa achemwali anga kuti aimvere pa foni akuphika, kenako andiuze mawu a kolasi osayang'ana pena paliponse.