Mabaiti 512 amene anandichotsa ulemu

Pakona m'chipinda mwanga munali kompyuta yakale ya Pentium, yafumbi lokhalokha, yopanda Windows, yopanda chilichonse m'mimba mwake. Tsiku lina ndinati ndiilembere kapulogalamu kangakanga koti izidzuka nako yokha.

Nkhani yake ndi yosavuta. Ukayatsa kompyuta yamtunduwu, BIOS, pulogalamu yomangidwira m'kompyutamo imene imayamba kugwira ntchito, imawerenga mabaiti 512 oyambirira a disiki (baiti ndi kamuyeso ka deta, pafupifupi chilembo chimodzi) n'kuona ngati awiri omaliza ali 55 ndi AA. Akapezeka choncho, imaika onse 512 mu memori pa adiresi 7C00 n'kuwasiyira ufumu wonse. Sifunsa kuti walemba ndani kapena ngati mutu wake ukuyenda bwino.

Ndinalemba pa laputopu mu assembly, chilankhulo cholamula purosesa mwachindunji, n'kumanga ndi NASM, pulogalamu yosandutsa zolembazo kukhala mabaiti. Tsiku loyamba kanangolavula zilembo zosadziwika, ati chifukwa ndinaiwala mzere wa org 0x7C00, wouza NASM adiresi imene kapulogalamuko kadzakhale. Tsiku lachitatu, poyesera mu QEMU, pulogalamu yoyerekezera kompyuta ina mkati mwa laputopu, kanatheka. Chilembo chimodzichimodzi, kudzera pa int 10h, njira yopempha BIOS kuti ilembe pa sikirini, mawu anatuluka: "TAKULANDIRANI. MWAKUMANA NDI KATSWIRI." Ndinadziombera m'manja ndekhandekha pakati pa usiku.

Chinatsala n'kukakopera pa flopi ya 1.44 MB, poti gogo Pentium sadziwa zodzuka ndi fulashi. Ndinalumikiza chowerengera flopi cha USB, Linux n'kuchitcha /dev/sdb. Apa ndiye panafunika lamulo la dd, lokopera mabaiti molunjika pa disiki imene waitchula. Amene amalidziwa akumva kale chisoni. Tulo tili m'maso, chala chinapsa, m'malo mwa b chinadina a. Ndiye kuti /dev/sda, disiki ya laputopu yeniyeniyo. Koma dd alibe zoti "mwatsimikiza?" Anangondiuza mwaulemu kuti wakopera mabaiti 512.

Ndinaika flopi ija mu Pentium, osadzuka. Ndinainyoza kuti yakalamba, n'kuthimitsa zonse kukagona. Laputopu inali ikugwirabe ntchito bwinobwino mpaka pothimitsapo, ngati sinandisungire kanthu kukhosi.

M'mawa anandidzutsa ndi mchemwali wanga wamng'ono. Ntchito yake ya ku koleji, yoti akapereke tsiku lomwelo, inali pa laputopu yomweyo.

"Achimwene, katswiri ameneyu ndi ndani?"

Ndinathamanga wopanda nsapato. Sikirini yakuda bii, pamwamba mawu anga aja ali mbee. Kuthimitsa, kuyatsa, katswiri. Kuchotsa batire, kubwezera, katswiri yemweyo. Kumapeto kwa kapulogalamuko ndinali nditaika jmp $, lamulo loti kazingozungulira pamalo amodzi mpaka kalekale, ndipo kankamvera mokhulupirika zedi.

Chopweteka kwambiri n'chakuti m'mabaiti omwewo a 512, kuyambira pa 446, mumakhala mabaiti 64 osonyeza mmene disiki inagawidwira. Ine pofuna kukwanitsa mabaiti 510, kuti 55 ndi AA akhale omaliza, ndinali nditadzaza mpata wonse ndi maziro. Mafayilo analipo ndithu, koma njira yopitira kumeneko ndinali nditaifufuta ndi manja anga.

Ndinadzutsa laputopu ndi Linux ya pa fulashi, pulogalamu ya TestDisk n'kuyamba kufufuza magawo otayikawo, thukuta lili kamukamu. Kenako kubwezeretsa GRUB, pulogalamu yodzutsa Linux imene kapulogalamu kanga kanailanda malo. Mchemwali wanga anakhala pambali panga nthawi yonseyo, manja atapinda, osanena kanthu. Bola akanandikalipira.

Mafayilo atabwerera, anakopera ntchito yake pa fulashi, n'kuikoperanso pa fulashi ina. Ali pakhomo anatembenuka.

"Tapita, a Katswiri. Foni yanga ili pa chaja apo, chonde musailembere pulogalamu."